Nkhumba Imene Inaphunzitsa Amayi

Lolemba, 3 Okutobala 2022

Kutentha. Pamjigo mzere wa zidebe mpaka kumsewu.

Uthenga wafika pafoni ya amayi ali m'kalasi: gilajuweshoni pa 21 mwezi uno, Lachisanu. Abwera kunyumba manja ali mbuu ndi choko, akuseka okha ngati mtsikana wofunsiridwa. Digiri ya zauphunzitsi. Amayi anga, zaka 49, mphunzitsi wa pulayimale pano pa Nsaru kuyambira ine ndisanamere mano. Ndavina nawo pakhonde. Zoona, ndavina. Nthungululu inangotuluka yokha.

Kenako kukhola, kukamuuza Pulofesa. Mwini digiri weniweni ndi iyeyo. Zaka zinayi, holide iliyonse amayi ku yunivesite m'tauni, ine pano ndi nkhumba. Semesita ikayandikira, ana a Pulofesa pa njinga ya a Thomson a ku Msundwe, akulira njira yonse, fizi yalipidwa. Mabuku, ana ake. Minibasi, ana ake. Dzinali ndinamupatsa ndine. Nkhumba yophunzitsa munthu mpaka digiri iyo isanaonepo bolodi.

Ali ndi bere lalikulu, mawere ayamba kutsika. Mwezi uno sutha. Ana amenewa ndi anga. Amayi ananena okha chaka chatha: "Yanga ikatha, khola lonse ndi lako, nawenso upite." Mafomu amatuluka Januwale. Ndikufuna kudzaphunzitsa Bayoloje kusekondale.

Makhadi olowera mu holo ndi awiri basi kwa womaliza aliyense. Limodzi langa. Lina la anti Rabecca a ku Njewa, mnzawo wa amayi, amene amawagoneka pabalaza pawo holide iliyonse osalandira ngakhale shuga.

Diresi la buluu lija ndilichape.

Lachitatu, 5 Okutobala

Amalume a Elifasi abwera. Njinga, jekete kutentha konseku, Baibulo m'thumba ngakhale si tsiku la mapemphero. Mkulu wa mpingo, mwini mbumba, mwini wa chilichonse chimene sanagule. Ndawapatsa moni wanga wa masiku onse: "Mwaswera," ndili chiimire, basi. Zaka zinayi moni wawo ndi womwewo ndipo sanafe nawo.

Ndilembenso, ngakhale sindingaiwale. 2018. Ine mapointi 19 pa mayeso a Fomu 4, malo ndapeza ku yunivesite yomweyi. Amayi nawonso awatenga chaka chomwecho. Ndalama za munthu mmodzi. Bambo anali atatisiya kale, ndiye wogamula amalume. Anakhala pampando wa bambo, anatsokomola, nati: "Mtsikana adikire, sathawa. Mayi wake zaka zikumuthera." Amayi maso pansi.

Nzeru inalipo, sindikukana. Koma mawuwo. Sathawa. Ngati mbuzi ya pachingwe. Queen amene ndinkamujambulira maselo m'kope lake pano ndi Madamu ku Kabudula, ana amamunyamulira chikwama. Ine ndimanyamula madeya.

Lero abwera ndi nkhani ya phwando. Loweruka pa 22, pano pakhomo. Tenti, zokuzira mawu, mpunga, mbuzi ziwiri, nsalu ya yunifolomu ya amayi a Mvano, aphunzitsi a zoni yonse. "Mkazi woyamba wa digiri kwa a Mbewe salandiridwa ndi tiyi." Amayi afunsa kuti ndalama zichokera kuti. Aloza ndi chibwano kukhola. Akuti ya bere ndiye imagulidwa bwino, a Thomson avomera kale.

Ndinali kuseri, ndikusenda mango osapsa. Mpeni unalowa m'chala.

Amayi: "Tiona, achimwene." Tiona! M'kalasi ana makumi asanu ndi anayi amazizira amayi akangoima pakhomo. Pamaso pa achimwene awo, mwana wa Sitandade 1.

Loweruka, 8 Okutobala

A Thomson abwera kudzaona katundu. Ndinali ndikutsuka chodyera. Amutsina Pulofesa pamsana, ayang'ana mawere, aimba kamluzu. Ndawauza kuti akamutsinanso ndiwatsina ineyo. Aseka mpaka kugwira mpanda. "Chemwali, ine ndimagula nkhumba, milandu ya pamtundu sindigula. Gwirizanani." Akuti abwera ndi galimoto Lachinayi pa 20 ngati sauzidwa zina.

Munthuyu sindidana naye. Sanatiberepo pasikelo, ndipo nthawi ya chigodola ndi iye anandiuza kuti ndisalole aliyense kulowa m'khola ndi nsapato. Nkhumba za mudzi wonse zinatha, za amalume zomwe. Pulofesa yekha.

Madeya akwera kuchigayo. Kholowa kudimba akadalipo, ndadula mtolo waukulu. Ndamuthira madzi pamsana masana, wagona m'matope akudzuma ngati abusa atatha kudya. Ndaika dzanja pamimba. Akusuntha. Ambiri.

Ndakhala pamenepo nthawi ndithu. Kunena zoona, ntchito ino ndimaikonda. Ndisamve wina akunena zimenezi.

Lamulungu, 9 Okutobala

Kutchalitchi. Zolengeza awerenga amalume okha, magalasi pamphuno. Itatha ya chopereka cha denga, ayamba: mpingo wonse ukuitanidwa kwa aNambewe pa 22. M'manja, nthungululu, amayi a Mvano kuwagwira amayi m'mapewa. Achita dala. Zolengezedwa kuguwa sizibwezedwa.

Kwaya yathu yaimba bwino, alito ndinali ndekha koma ndinakwanira.

Potuluka mayi wina wandigwira dzanja: "Iwe Mwaiwathu, mayi ako akusiya m'mbuyo, sukuchita manyazi?" Ndamuyankha kuti mwana wake wamwamuna wabwereza Fomu 2 katatu ndipo manyazi sanamuphe. Amayi amva. Njira yonse osandilankhula. Tafika pa mlatho apa, ndawamva akuseka m'mphuno.

Madzulo mango ndi mchere, awiri pamphasa. Bwino ndithu.

Lachitatu, 12 Okutobala

Ndawathandiza amayi kuchonga makope a samu. Ana amenewa magawo sakuwamva, koma kulemba dzina la timu ya mpira pachikuto salakwitsa.

Akamba za anzawo a m'kalasi. Anayamba anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, akazi khumi ndi mmodzi. Akumaliza akazi asanu ndi awiri. Mmodzi mwamuna wake anamuletsa, akuti holide ndi yolima. Awiri fizi. Wina anabereka chaka chachitatu, sanabwerenso. Amuna ambiri ndi mahedi ndi achiwiri awo, a mimba zawo, ofuna kukwera asanapume. Wamkulu kwambiri akupuma chaka chamawa, akuti digiri akaipachika pakhoma adzukulu aziiona. Amayi ankawatchula kuti "Mama" kalasi yonse, ndi alekichala omwe. Mayeso oyamba a pakompyuta anapeza 31, analira m'bafa la anti Rabecca. Zimenezi sanandiuzepo.

Ndafunsa za Pulofesa. Aika cholembera pansi. Akuti phwando iwo sakulifuna n'komwe, gauni ndi chithunzi zakwana. Koma kuwakaniza achimwene sangathe. "Upite wekha ukalankhule nawo. Mwaulemu, Mwai. Lilime ulisiye pakhomo pano."

Ndiye ndikalankhule ndi chiyani, khutu?

Lachinayi, 13 Okutobala

Ndinapita. Lilime linanditsatira.

Ndinawapeza akukonza keni yothirira nazale ya fodya. Ndinayamba bwino, ndikulumbira. Ndinati ana a nkhumbayo ndiwo semesita yanga yoyamba. Anati amayi akakwezedwa tidzagula nkhumba zitatu. Ndinati kukwezedwa kumabwera ngati mvula ya Okutobala, mabingu ambiri. Anati ulemu wa banja sungadikire kalata ya boma. Pamenepo ndiye chinandikwera. Ndinati: "Digiriyi mwaithandiza ndi pakamwa, phwando mukulifuna ndi nkhumba ya eni."

Anandiyang'ana. Sanakalipe. "Wamaliza?" Ananyamula keni, ulendo kudimba.

Ngolo yawo ija ikadali pansi pa mango, matayala ophwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Munthu wolephera kukonza ngolo yake koma wodziwa kukonza moyo wa ena.

Amayi afunsa kuti zayenda bwanji. Ndati zayenda.

Sindikudandaula. Pang'ono.

Loweruka, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Chizimalupsa chagwa masana, kanthawi kochepa, fungo la dothi mpaka m'nyumba. Pulofesa anaima pabwalo la khola, mphuno kumwamba, mvula ikumumenya.

Amayi anapita dzulo m'tauni kukatenga gauni. Yobwereka, ndipo kubwereka kwake mtengo wa kamwana ka nkhumba. Kubweza Lolemba pa 24, ikang'ambika ulipira. Sukulu imeneyi imakukama mpaka tsiku lotuluka.

Aivala kuchipinda, chitseko chotseka. Yakuda, yayitali mpaka m'zidendene, kansalu ka buluu kumsana. Chipewa chikugwa chifukwa cha tsitsi. Ndawaluka mizere yogona, chakhala. Aima pagalasi long'aluka lija, atembenuka uku ndi uku, afunsa ngati sakuoneka ngati mleme. Ndati akuoneka ngati jaji. Kenako andiveka ine. Manja aatali, nsalu yolemera kuposa mmene ndimaganizira, fungo la munthu wina. Sindinayang'ane pagalasi. Ndidzayang'ana ikadzakhala yanga.

Mphatso yanga kwa iwo: masokisi oonekera mkati ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Anunkhiza kasanu.

Lachinayi likubwera. Palibe chasintha.

Lolemba, 17 Okutobala

Kuchigayo magetsi anazima, tinakhala pamatumba kudikira. Anti Vainess, akazi awo a amalume, anasendera pafupi. Ndimati andikalipira. Ayi, anayamba ndi kundigawira chinangwa.

Akuti suti ya amalume ili kwa telala kuyambira Ogasiti, kuikulitsa m'chiuno. Nsapato zatsopano zili m'bokosi pansi pa bedi. Akulu a mpingo onse anauzidwa kalekale kuti a Elifasi akakhala mu holo, akamva dzina la mlongo wawo likutchulidwa. Iwo anasiyira Sitandade 8, agogo atamwalira, kuti amayi apitirize. Holo ya yunivesite sanaionepo ngakhale kunja kwake. Atamva kuti makhadi ndi awiri ndipo apita kale, tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake ndi pamene anadzuka ndi nkhani ya tenti.

"Akufuna poti aime, mwana iwe. Mu holo mulibe malo awo, ndiye akumanga holo yawo pakhomo panu."

Ndinati zimenezo sizikukhudza nkhumba yanga. Anandiyang'ana ngati ndine wogontha. "Kodi ngolo ija umati inaima chifukwa chiyani? Chaka choyamba cha mayi ako, nkhumba yakoyo inali isanaswepo. Fizi inachokera kuti, eti?" Ng'ombe imodzi ya pangolo, amalume anaigulitsa. Inayo yokha singakoke, anaigulitsanso chaka chotsatira. Analetsa amayi kunena.

Ndiye zaka zinayi ndakhala ndikudutsa pangolopo ndikuitcha ulesi.

Magetsi anayaka, chigayo chinalira. Ubwino wake.

Panjira ndinaganiza: ng'ombeyo bwanji sanaigulitsire ine? Funso limeneli silinachoke ndipo silichoka. Koma ndinawauza kuti anathandiza ndi pakamwa. Chimenecho ndiye chikundiyabwa ngati chitedze.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Ndasita diresi la buluu. Makala ochepa, ndinachita kupempha kwa oyandikana nawo.

Khadi lili m'Baibulo la amayi. Ndalitulutsa katatu. Loyera, zilembo zagolide, mpando nambala yake. Holo imeneyo ndaimanga m'mutu mwanga zaka zinayi, ndikukolopa m'khola. Ndimafuna ndione mmene amayendera, amagwada kapena amangowerama, pepala amalandira ndi dzanja liti. Ndimafuna ndikawaone amayi.

Koma kuona ndi kwa tsiku limodzi. Khola ndi zaka zinayi zanga.

Pulofesa sakumaliza chakudya. Akungotembenuka.

Diresi ndalipinda. Ndidzavala Loweruka.

Lachitatu, 19 Okutobala

M'mawa, asanapite kudimba. Ndinavala chitenje, ndinati odi, ndinagwada. Maondo anagwada, mtima unali chiimire. Anti Vainess anathawira kukhitchini koma khutu linatsala pakhomo.

Ndinaika khadi pa tebulo. Ndinati akalowe mu holo ndi iwo, Pulofesa atsale. Sanaligwire. Analiwerenga lili pomwepo, magalasi pamphuno, milomo ikuyenda.

"Ukundigula?"

Ndinati eya.

Anaseka. Sindinawamvepo akuseka choncho kuyambira maliro a bambo asanachitike. Kenako anati nanga phwando, alengeza kale kutchalitchi. Ndinati analengeza phwando, sanalengeze ndiwo. Amayi a Mvano pa chinkhoswe chilichonse amabwera aliyense ndi mbale ya mpunga, abwerenso. Thobwa ndiphika ine. Nkhuku tili nazo. Tenti ndi mitengo ya mango, siilipiritsa.

Anatenga khadi, analipukuta ndi mkono wa malaya ngakhale linalibe fumbi, analiika m'Baibulo. "A Thomson ndiwaimbira ndekha."

Za ng'ombe sindinatchule. Iwonso za pakamwa paja sanatchule. Tili bwinobwino choncho.

Amayi atamva analira. Akuti ankafuna ndikawaone. Ndati adzabwera ku yanga, tidzalowa holoyo limodzi, ndipo khadi lachiwiri ndidzapatsa Pulofesa.

Sindinawakhululukire amalume. Ndangochita nawo malonda.

Lachinayi, 20 Okutobala

Galimoto ya a Thomson sinabwere. Anatumiza uthenga: ana akasiya kuyamwa ndiwakumbuke.

Amayi ndi amalume anyamuka masana, akagona ku Njewa kuti mawa asachedwe. Amalume avala suti kuyambira pano, nsapato zikulira, akuyenda ngati aponda minga. Gauni anyamula ndi iwo, pamiyendo, m'minibasi yodzaza tomato. Wina akaigunda aona.

Nyumba zii.

Pulofesa wayamba kutola udzu ndi pakamwa, akuunjika pakona. Ndamuponyera wouma wambiri. Ndafinya bere limodzi: mkaka. Ndiye kuti wasankha tsiku lake. Nkhumba yansanje.

Lachisanu, 21 Okutobala

Ndilemba pang'ono.

Woyamba watuluka dzuwa litangokwera. Ine ndi chiguduli, kupukuta mphuno, kuika kubere. Wachiwiri, wachitatu, msangamsanga. Kenako kaye kaye, mpaka ndinayamba kupemphera mokalipa. Wachisanu anabwera chammbuyo, wosapuma. Ndinamupukuta, ndinamugwedeza, ndinamuuzira m'kamwa, inde m'kamwa, asamve a kwaya. Anayetsemula.

Foni inalira ndili magazi mpaka m'zigongono. Anti Rabecca, monong'ona: "Usadule, ayandikira." Ndinaikanikiza ndi chibwano, ndinaiika pamwamba pa mpanda.

Phokoso ngati msika wa Msundwe. Mawu a mwamuna pa chokuzira, mayina, mayina, amuna okhaokha, m'manja mwa apo ndi apo. Pulofesa akubuula. Wachisanu ndi chitatu akutuluka. Ndiye ndinamva: Grace Mbewe.

Nthungululu ya anti Rabecca inang'amba foni. Pamwamba pake mawu ena, aakulu, osweka: "Mlongo wanga ameneyo! Mlongo wanga!" Mkulu wa mpingo. Munthu amene amadzudzula ana akaseka m'tchalitchi. Anthu mu holo anaseka, ena anaomba m'manja, iwo osasiya.

Ndinakhala pansi m'matope. Ndinalira ndi kamwana ka nkhumba m'manja.

Onse khumi ndi mmodzi. Mmodzi wakufa, ndamukwirira kuseri. Khumi akuyamwa, akumenyana ngati ana a Sitandade 2 pa phala.

Holo sindinaione. Koma dzina ndinalimva, ndipo mwini digiri analimvanso.

Loweruka, 22 Okutobala

Phwando. Miyendo ikupweteka.

Amayi a Mvano anabwera ndi mpunga woposa umene tikanagula. Thobwa linatha masana. Nkhuku zisanu ndi imodzi, ndi mbuzi imene inatulukira m'mawa pachingwe cha anti Vainess. Yunifolomu panalibe, aliyense nsalu yake, ndipo kunakongola kuposa. Amayi mu gauni pansi pa mango, thukuta kamukamu, nkhata ya maluwa apulasitiki m'khosi, ana a Sitandade 7 akuwaimbira. Ndinkangoyang'anira kuti wina asaidonthezere msuzi.

Queen anabwera. Chikwama, magalasi akuda. Anapempha kuona tiana, anakhala m'khola nthawi yaitali kuposa pa phwando. Akuti kusukulu kwawo Bayoloje akuphunzitsa munthu wa Jogalafe chifukwa palibe wina. Akuti ndifulumire.

Amalume analankhula. Ndimadziwa kuti atalikitsa ndipo anatalikitsa. Holo yonse anaifotokoza, mipando, mafani, nyimbo, mmene akuluakulu amayendera ndi zipewa zofewa. Ine ndinali kumapoto, ndikumva ndi khutu limodzi. Kenako mawu anasintha. Akuti anayang'ana mzere wa olandira digiri ya uphunzitsi, amuna ngati chimanga m'munda, akazi apa ndi apo ngati maungu. Akuti anaona tiatsikana tina tating'ono kuposa mwana wa mlongo wawo, titavala zipewa. Anaima. Anavula magalasi. "Pakhomo pano pali wina wadikira mokwanira. Chaka chamawa tikamusiye."

Anthu anatembenukira kumapoto. Ine ndili ndi chipande, diresi la buluu lili ndi mwaye. Ndinayang'ana mumphika ngati muli nkhani.

Pepani sananene. Ndinamvetsera bwino, sananene.

Lolemba, 24 Okutobala

Amayi apita kukabweza gauni. Chithunzi chili pakhoma pambali pa cha bambo, chapendekeka, ndikonza.

Khumi onse ali moyo. Wachisanu uja ndiye wankhanza kuposa onse, walanda bere lakutsogolo. Aakazi anayi. Awiri ndisunga, Pulofesa akukalamba, digiri yachiwiri sangaisenze yekha. Ndikapita kusukulu khola adzaliona ndani? Amayi akuti iwo. Aphunzire kunyamula madeya, ndi digiri yawoyo.

Mitambo kumadzulo. Mizere ya kumunda sitinamalize.

Belu la njinga kumpanda. Ndasuzumira pawindo. Amalume, opanda jekete, thumba la madeya pakaliyala, lodzaza mpaka kukamwa. Palibe anawatuma. Aima pakhola, akuwerenga tiana ndi chala. Tsopano akuti odi.

Odi kachiwiri.

Adikire pang'ono, ndimalize mzere uno. Sathawa.

Aa, ayamba kumasula chingwe, akufuna kutsitsa okha thumbalo, ndi msana wawo wovuta uja